Chimfine cha mphaka chikakana mankhwala

Mayi wina wa ku Senga Bay anandibweretsera mphaka wake m'katoni. Anali atatha miyezi iwiri akuyetsemula, mamina amagazi akutuluka mphuno imodzi yokha, pamwamba pa mphunopo pali chotupa cholimba ngati nthudza. Makapisozi ogula kugolosale anali atam'mwetsa kale, koma ayi ndithu. Ndinafunsa kuti, "Mayi, kodi pakhomo pali nkhunda?" Zinalipo, khola lake kuseri kwa khitchini.

Ambirife timadziwa fangasi wa pakhungu, uja wa zipere. Alipo wina wolowa m'kati mwa thupi. Wotchedwa Cryptococcus amakonda zitosi zouma za nkhunda, ndipo ndiye amavutitsa kwambiri amphaka. Histoplasma amapezeka m'dothi lomwe mwagwera zitosi za mileme ndi mbalame. Chiweto chikapuma fumbi limenelo, fangasiyo amakhazikika m'mphuno kapena m'mapapo, kenako n'kufalikira kumaso, pakhungu, ngakhale kuubongo. Galu akagwidwa ndi Histoplasma amangoonda, kutsokomola, nthawi zina kutsekula m'mimba kosalekeza.

Ndi maso okha sitingatsimikize, chifukwa khansa ya m'mphuno imaonekanso chimodzimodzi. Timatengako mamina kapena timadzi ta m'chotupa n'kuunika pa maikulosikopu, pomwe Cryptococcus amaoneka ngati timipira tokutidwa ndi chikuto chochindikala. Magazi nawo amayezedwa. Alangizi a ziweto a m'dera lanu akhoza kukuthandizani kutumiza zoyezazo ku labotale ku Lilongwe.

Maantibayotiki sapha fangasi. Timapereka fluconazole kapena itraconazole, ndipo matenda akafika kuubongo pamafunikanso jakisoni wa amphotericin B, yemwe amapweteka impso ngati palibe womuyang'anira. Pamene pamandiwawa ine m'pakuti chotupa chikangophwa, eni ake amaleka mankhwala. Fangasiyo amakhala asanafe, ndipo amabwereranso. Mankhwalawa ndi a miyezi yambiri, ena kufika chaka, ndipo woletsa ndi dokotala atayezanso magazi. Chonde, Panado musam'patse mphaka ngakhale kachidutswa, amamupha.

Mayi aja anada nkhawa za ana awo. Matendawa sachoka kwa mphaka kupita kwa munthu, tonse timawatenga kufumbi. Koma Cryptococcus yemweyu ndi amene amayambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika, makamaka amene ali ndi HIV. Munthu wotere asasese m'khola la nkhunda. Wosesayo ayambe wawaza madzi kuti fumbi lisabuke, ndipo avale masiki.