Mesho ndiye amayamba kuona

Ndine namwino wa matenda a m'maganizo kuno ku Zomba, ndipo ophunzira a pa yunivesite ya Chanco ndimakumana nawo kawirikawiri. Chimandiwawa n'chakuti ambiri amatipeza madzi atafika m'khosi, chonsecho mesho wawo, mnzawo wogona naye chipinda chimodzi, anali ataona kalekale kuti zinthu sizili bwino.

Malamulo a chamba ndi mowa alipo, ndipo ndi omveka. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Ena adamva ngati fodya wamkulu wamasulidwa. Ayi ndithu, kusuta kapena kupezeka nacho ndi mlandu mpaka lero, ngakhale uli mkati mwa yunivesite. Mowa ndi wololedwa kwa amene wakwanitsa zaka 18, koma ukamenya mnzako kapena kuswa zenera la hositelo, mawu akuti "ndinaledzera" sakakupulumutsa ku komiti yosungitsa mwambo. Ukhoza kuimitsidwa kapena kuchotsedwa sukulu.

Koma komitiyo sigona ku Chikanda, komwe ophunzira ambiri amachita lendi. Masacheti adaletsedwa, koma mowa waukali womwewo udabwerera m'timabotolo totchipa, ndipo umamwedwa m'zipinda, nthawi zambiri m'mimba muli pululu.

Chiwindi cha munthu chimatha pafupifupi ola lathunthu kuti chichotse mowa wa toti imodzi yokha. Palibe chochifulumizitsa: khofi ayi, kusamba madzi ozizira ayi. Munthu akagugudiza timabotolo tingapo mwamsangamsanga, mowa umapitiriza kulowa m'magazi iye atagona kale, mpaka kufooketsa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma.

Ndikukumbukira mnyamata wina amene anzake adabwera naye m'bandakucha atamunyamula pa bulangeti, milomo itatuwa, malaya ali masanzi okhaokha. Usiku wonse ankamumva akuliza mkonono nkumati, "Musiyeni agone, adzuka." Nditawafunsa chimene adachedwera, mmodzi adayang'ana pansi nati, "Timaopa kuti zikamveka kusukulu." Adachira, koma padangotsala pang'ono.

Choncho mnzanu akapanda kudzuka mukamugwedeza kapena kumutsina, akamapuma modukizadukiza, thupi litazizira, kapena akamasanza ali mtulo, kumeneko si kugona. Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, musamumwetse kanthu, musamusiye yekha, ndipo pezani galimoto yopita ku kiliniki ya pasukulu kapena ku Zomba Central Hospital. Ife achipatala ntchito yathu ndi kupulumutsa moyo, si kuzenga milandu.

Chamba chimabwera mwakachetechete. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, ndiye wophunzira wa chaka choyamba amakhala akusutira ubongo wanthete. Si aliyense wosuta amene mutu umasokonekera, ndipo n'chifukwa chake achinyamata satikhulupirira tikamawaopseza. Zoona zake n'zakuti chiopsezo chimakula kwa amene adayamba ali wamng'ono, wosuta tsiku ndi tsiku, ndi amene kwawo kuli kale matenda a m'maganizo. Akuti chamba chimathandiza kuwerenga. Chimene chimachita n'kufooketsa kukumbukira zomwe wangowerengazo.

Zizindikiro zake mphunzitsi sangazione m'kalasi ya anthu mazana, ndipo makolo kumudzi amangomva mawu pafoni. Mesho ndiye amaona kuti mnzake wasiya kusamba, sagona usiku, akuseka yekha, wayamba kunena kuti anthu akumulondalonda kapena akumunena. Apa musadikire mayeso kuti athe. Zomba Mental Hospital ili momwe muno, ndipo amene wafika msanga amathandizika bwino. Ambiri amabwerera m'kalasi.

Polankhula naye, musayambe ataledzera kapena pagulu. Dikirani m'mawa, muli awiri, ndipo nenani zimene mwaona osati zimene mukumuganizira: "Aise, sabata ino wajomba katatu, ndalama ya chakudya yatha kale. Ndikuda nkhawa. Tiye ndikuperekeze kwa mlangizi." Mwina akalipa. Bwerezaninso tsiku lina.

Ndipo amene wakhala akumwa mowa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha. Kunjenjemera, thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kukomoka, zimatha kuyamba pakangopita maola ochepa mpaka masiku atatu. Ameneyo asiyire m'manja mwa achipatala, pali mankhwala omuthandiza kudutsa masiku amenewo.