Mwendo wa Erin Phillips sunaiwale

Makolo amakonda kundifunsa, ngati mphunzitsi wa masewera, kuti mwana ayambe liti kuphunzira kumenya mpira. Ndimawayankha ndi nkhani ya Erin Phillips wa ku Australia, amene anasiya mpira ali ndi zaka 13, n'kuubwereranso ali ndi zaka 31, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi.

Mpira wake si uwu tinauzolowerawu. Wa ku Australia ndi wobulungira ngati dzira, bwalo lakenso lili chimodzimodzi. Mbali iliyonse kuli mitengo inayi: ukaumenya ndi mwendo n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri yapakati, ndi mapointi 6, ukadutsa cham'mbali, pointi imodzi. Kuuponya n'koletsedwa, umachita kuukhoma ndi chibakera, ndipo ukamathamanga nawo uyenera kuunjanjitsa pansi mamita 15 alionse. Wina akaumenya patali iwe n'kuuwakha usanagwe, adani amakusiya kuti uumenye mwaufulu. M'ligi ya amayi ya AFLW timu imakhala ndi osewera 16 m'bwalo, pamene amuna amakhala 18.

Erin anabadwa mu 1985. Bambo ake, Greg Phillips, anali katswiri wa timu ya Port Adelaide, choncho mwanayu anakula ndi mpira m'manja, akusewera ndi anyamata. Atafika zaka 13 njira inatsekeka, chifukwa mtsikana sankaloledwa kupitiriza ndi anyamata, ndipo ligi yoti n'kudyerapo kunalibe. Anatembenukira ku basiketibolo. Kumeneko anapambana chikho cha dziko lonse ndi timu ya Australia mu 2006, mendulo ya siliva ku Olimpiki ya ku Beijing mu 2008, komanso ligi ya WNBA ku America kawiri, ndi Indiana Fever mu 2012 ndi Phoenix Mercury mu 2014.

AFLW itayamba mu 2017 ndi matimu 8, Adelaide Crows inamutenga. Nanga zinatheka bwanji kuti munthu wokhala zaka zonsezo kunja adzalamulire bwalo?

Gwero lake lili pa ubwana. Kumenya mpira wa dzira n'kovuta kuposa mmene kumaonekera: dzanja liyenera kuutsitsa mowongoka, phazi liupeze cha kunsonga kuti uzizungulira chobwerera m'mbuyo. Mwana akabwereza zimenezi tsiku ndi tsiku, thupi limasunga lokha, ngati kupalasa njinga. Ambiri amene analowa m'ligiyi kuchokera ku masewera ena anali ndi liwiro ndi mphamvu, koma mwendo unkawagulitsa. Wa Erin unali utaphunzira kale.

Basiketibolo nayo inamuonjezera zake. Kulimbirana mpira wobwerera kuchokera pa nkhata kumaphunzitsa munthu kuwerenga kumene mpira ugwere, kutchinga mdani ndi thupi, ndi kudumpha pa nthawi yake. Kuwakha mpira m'mwamba kumafuna zomwezo. Tisaiwalenso kuti iye anali atakhala zaka zambiri akudyera masewera, pamene anzake ambiri mu 2017 ankachita zokonzekera madzulo ataweruka ku ntchito kapena ku sukulu. Kusiyana kumeneko kunkaoneka mpira ukamapita kumapeto, ena atayamba kupuma wefuwefu.

Chaka choyambacho Adelaide inagonjetsa Brisbane 35 kwa 29 mu ndime yomaliza, Erin ali kaputeni limodzi ndi Chelsea Randall. Mu 2019 anthu 53,034 anadzaza bwalo la Adelaide Oval kudzaonera ndime yomaliza ya Adelaide ndi Carlton. M'chigawo chachitatu mtsempha wa m'kati mwa bondo la Erin unaduka. Mtsempha umenewu ndi umene umagwira fupa la msongolo kuti lisatsetserekere kutsogolo, ndipo kawirikawiri umaduka munthu akatera kapena kukhota mwadzidzidzi, popanda womugunda. Amayi umawavuta kwambiri kuposa amuna, n'chifukwa chake ine sindilola atsikana anga kuyamba mpira asanachite zolimbitsa ntchafu ndi kuphunzira katerede. Akutuluka naye Erin m'bwalo, ngakhale osewera a Carlton anabwera kudzamupepesa. Adelaide inapambana 63 kwa 18, ndipo iye anasankhidwabe kukhala wosewera bwino pa tsikulo, ngakhale sanamalize mpirawo.

Chimene chimandiwawa ndi zaka zija zapakati. Tinamuona akusewera mpirawu pa msinkhu umene ena amakhala akuganiza zopuma. Wa zaka 22 kapena 25 sitinamuone, ndipo atsikana ena amene anatsekeredwa naye limodzi analibe basiketibolo yowasunga.

Bondo litachira anabwerera, n'kutenga chikho chachitatu ndi Adelaide mu 2022. Chaka chomwecho Port Adelaide inalowa mu AFLW, iye n'kusamukira kumeneko kukakhala kaputeni woyamba. Anavala nambala 1, imene mwa mwambo wa timuyi imakhala ya kaputeni, udindo umene bambo ake anakhalaponso nawo. Anapachika nsapato kumapeto kwa 2023 ali ndi zaka 38.