Makadi a inki ndi mayi amene akuti "ndili bwino"

Amayi ambiri akumudzi amene amabwera kudzandiona kuno ku Joni satchula za matenda okhumudwa. Amati mutu ukuwawa, tulo sakupeza, mtima ukuthamanga. Ukafunsa za mumtima amangoti "ndili bwino, adokotala", maso ali pansi. Tinaleredwa kuti mkazi amapirira, ndipo za m'nyumba sazitulutsa pabwalo. Zikatere, ena mwa ife akatswiri a zamaganizo timatulutsa makadi.

Otchuka kwambiri ndi a Hermann Rorschach, dokotala wa ku Switzerland, amene anatuluka mu 1921. Alipo 10, ndipo khadi lililonse lili ndi inki yongomwazika, yopanda tanthauzo. Funso lake ndi limodzi: "Ichi chingakhale chiyani?" Enanso ndi otchedwa TAT (Thematic Apperception Test), amene Henry Murray ndi Christiana Morgan anakonza mu 1935. Awa ndi zithunzi za anthu, ndipo wodwala amapeka nkhani yake. Mayi amene pakamwa pake sipangatuluke mawu akuti "ndatopa nawo moyo" amatha kuloza mkazi wa pachithunzi n'kunena kuti, "Uyu watopa, ana ake akaleredwa ndi agogo awo." Ndikamva zotere ndimaika cholembera pansi, chifukwa akunena za iye mwini.

Pambuyo pake John Exner wa ku America anasonkhanitsa zizindikiro 12 za m'mayankho a makadi a Rorschach zochenjeza kuti munthu angadziphe, nati munthu akapezeka nazo 8 kapena kuposerapo tichite naye tcheru. Koma muyezowu unachokera kwa anthu a ku America. Mayi wa ku Dedza akaona chilombo cha gule wamkulu pakhadi, wakunja wosadziwa kwathu akhoza kuyesa kuti mutu wasokonekera. Ndiye pakakhalanso womasulira pakati, mawu amafika atasintha kale.

Ine makadiwa ndimawalemekeza poti amatsegula pakamwa, koma kulosera amene adzadziphe sangathe. Zizindikiro zikachepa sindiye kuti mayiyo ali pabwino. Chimene sindidumpha ndi kufunsa mosapita m'mbali: "Mayi, kodi mwakhala mukuganiza zodzipha? Munayesapo kale? Mwakonza kale njira yake?" Ambiri amaopa kuti funsoli limuika munthu maganizo oipa, koma kafukufuku sanapeze zimenezo. Kawirikawiri mayiyo amapuma mozama, kenako n'kuyamba kufotokoza za lendi, za bambo omumenya, za ana amene anawasiya kumudzi.

Ngati mchemwali wanu wayankha kuti inde, musamusiye yekha, ndipo chotsani m'nyumba zimene angadzivulaze nazo. Imbani kwaulere ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, kapena pitani naye ku casualty (kolandirira odwala mwadzidzidzi) ya chipatala cha Helen Joseph kaya cha Chris Hani Baragwanath. Kuno kuyesa kudzipha si mlandu, ndipo gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, akhale ndi mapepala kapena ayi.