Tawny wa zaka 40 ndi wa zaka 20: ndalama yowonjezerayo ikugula chani?

Ntchito yanga ndi yolawitsa anthu vinyo ndipo funso limene silisowa ndi loti, kodi botolo la tawny, vinyo wa port wokalambira mumgolo wa thabwa, lolembedwa 40 limakoma kuwirikiza kawiri la 20, poti mtengo wake ndiye umawirikiza kangapo? Ayi, sizitero.

Vinyo tikunena pano ndi uja amamuthira mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku mphesa, monga port wa ku chigwa cha Douro ku Portugal, madeira wa pachilumba cha Madeira ndi sherry wa ku Jerez ku Spain. Port amamuthira mowawo akadali mkati mowira, yisiti nkufa isanamalize shuga, nchifukwa chake amatsekemera chonchija komanso ukali wake umafika cha m'ma 20 peresenti. Sherry wambiri amayamba amusiya athe kuwira.

Nambala ija ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Tawny wolembedwa 10, 20, 30 kapena 40 si vinyo wa chaka chimodzi ayi, ndi wosakaniza migolo yambiri, ina yakale ina yaposachedwa, ndipo akatswiri olawa a IVDP, bungwe loyang'anira vinyo wa port ku Portugal, ndi amene amavomereza kuti eya, uyu akumveka ngati wa msinkhu umenewo. Mukafuna wa chaka chimodzi chenicheni yang'anani mawu oti colheita pa lebulo, ameneyo amakhala mumgolo zaka zosachepera 7. Kwa sherry nkhani ndi yomweyo, amadutsa mu solera mmene watsopano amathiridwa pa wakale pang'onopang'ono, ndiye mawu oti VOS pa lebulo akutanthauza zaka zoposa 20, VORS zoposa 30.

Nanga kudulako kukuchokera kuti? Mgolo wa thabwa umapuma. Chaka ndi chaka vinyo wina amauluka, wotsalayo amanka nalimba, ndipo mwini wake wakhala akusunga mgolowo zaka makumi osaonapo ndalama. Mukulipira zimenezo, kusowa kwake ndi kudikirako. Kuti lilime lanu likondwera nazo ndi nkhani ina.

Poyerekeza ine ndimapanga chonchi. Matambula ofanana, pang'ono pokha mu iliyonse, vinyo akhale wozizirira osati wochita kuuma ndi filiji, ndipo wina aphimbe mabotolowo kuti musadziwe uyu ndi uti, chifukwa maso akangoona 40 basi lilime layamba kale kunama. Pendeketsani tambula pamwamba pa pepala loyera. Wa zaka 10 amakhala akadali ndi kufiira, wa 20 wayamba kupita ku mtundu wa tiyi wopanda mkaka, wa 40 m'mphepete mwake mumaoneka chikasu nthawi zina mpaka kobiriwira pang'ono. Musalowetse mphuno yonse, ukali uja ukutsekani, nunkhizani chapatali. Mukamwa musasake kutsekemera, onse ndi otsekemera, sakani kakuwawasa kamene kamatsuka mkamwa shuga akadutsa, kenako muwerenge chamumtima kuti kukomako kukhala nthawi yaitali bwanji mutameza. Vinyo wokalamba bwino amatsalira mkamwa, wopanda pake amangosiya nomenome ndi kutentha pakhosi.

Mukatero mupeza kuti kusiyana kwa 10 ndi 20 ndi kwakukulu, aliyense amakumva. Wa 20 ali ndi zonse ziwiri, fungo la zipatso likadalipo koma labwera kale la mtedza wokazinga, makoko a lalanje ndi shuga wopserera. Kuchoka pa 20 kupita pa 40 zipatso zija zatha, kwatsala kulimba, khofi, thabwa, ngakhale kafungo kangati polishi, ndipo alipo amene amafera zimenezo, ine ndemwe ndimamukonda tsiku lapadera, koma ndaona kangapo anthu akusankha wa 20 mabotolo ali ophimba kenako nkuchita manyazi titavundukula. Palibe chamanyazi apa.

China chimene anthu sawerengera pogula ndi chakuti botolo likatsekulidwa likhala masiku angati. Apa madeira alibe mnzake. Iyeyu amatenthedwa dala popangidwa, wotchipa m'mathanki ofunditsa kwa miyezi yosachepera 3, wabwino m'migolo yosiyidwa m'zipinda zam'mwamba zotentha ndi dzuwa, njira imene amati canteiro, ndiye kutentha ndi mpweya zinamaliza kale kumuchita zonse zimene zikanamuwononga. Mutha kutsekula lero nkumamwa pang'onopang'ono miyezi yambiri ali chimodzimodzi. Kungoti onani dzina la mphesa, Sercial ndi wosatsekemera, Verdelho wotsekemera pang'ono, Bual kwambiri, Malmsey ndiye mapeto, ndipo polawa tsatani ndondomeko yomweyo, mukayamba ndi Malmsey Sercial amveka ngati ndimu. Tawny amapirira masabata angapo mu filiji.

Vintage port, port wa mphesa za chaka chimodzi, ndiye wosiyana ndi onsewa. Amakhala mumgolo zaka ngati 2 zokha, kukalamba konse amakalambira m'botolo mopanda mpweya, ndiye akakumana nawo sachedwa kufooka. Pansi pake pamakhala masese, muyimike botolo tsiku lathunthu, mutsanulire mu jagi mwapang'onopang'ono masesewo atsale, chotsekera chake chikhoza kukufumbutukirani m'manja poti nchakale. Wazaka zambiri mumumalize tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndiye musamutsekule muli awiri okha.