Bearing ya mota ikamatha msanga, yang'anani VFD

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mota ya pampu ikayamba kulira modabwitsa, timathamangira kunena kuti ndi kutentha kwa mu Okutobala kapena girizi wachabechabe. Nthawi zina n'zoona. Koma ngati mwasintha bearing kawiri chaka chisanathe, ndipo mota yanu imayendetsedwa ndi VFD, kabokosi kochepetsa kapena kuwonjezera liwiro la mota kaja, ine ndimayamba kukayikira kabokosiko.

Magetsi a ESCOM amasinthasintha mofatsa, ka 50 pa sekondi. VFD imawadula tizidutswa, kuyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri, zikwi zingapo pa sekondi. Ma invata a mapampu a sola amagwiranso ntchito chonchi. Kudulaku kumasiya mphamvu ya magetsi pa shafti, chitsulo chozungulira cha pakati pa mota, ndipo mphamvuyo imasaka podutsira kuti ifike pa thupi la mota. Njira yachidule ndi bearing. Timipira ta m'kati timayandama pa kagirizi kopyapyala kwambiri. Magetsi akachuluka amakaboola, n'kuthetheka ngati munthu akuwotcherera chitsulo. Kamoto kalikonse kamasiya kadzenje kosaoneka ndi maso. Pakapita miyezi, timaenje timeneti timasanduka mizere yopingasa, yofanana ndi mafunde a pa msewu wafumbi amene amagwedeza njinga ya kabaza.

Ndiye musataye bearing yakufa. Uzani makaniko aidule, aipukute, muyang'ane modutsa timipira. Mizere yondondozana bwino ndi girizi wakuda ngati wopsa ndi umboni wa magetsi. Mchenga wa mu Shire kapena madzi a chigumula sasiya mizere yotere. Amasiya zokanda ndi dzimbiri.

Mankhwala ake ndi kupatsa magetsiwo njira ina. Pali mphete ya tiulusi ta kaboni, yotchedwa shaft grounding ring, imene imavekedwa pa shafti n'kutsitsira magetsi ku thupi la mota. Pa mota zazikulu, monga za m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Kasinthula, zoyambira pa 75 kW kupita m'mwamba, timawonjezera bearing yosadutsa magetsi kumbuyo kwa mota, mbali ya fani.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi waya. Ambiri amakoka waya wamba, wautali, kuchoka m'kanyumba ka magetsi mpaka kumtsinje, earth yake yongomangirira ndi kawaya kadzimbiri. Pakati pa VFD ndi mota pamafunika waya wokhala ndi shield, chikuto chachitsulo chokuta mawaya a m'kati, womangidwa bwino mbali zonse ziwiri, ndipo ukhale waufupi momwe mungathere. Ngati mtunda sungafupike, ikani filter, kachipangizo kosalaza magetsi odulidwa aja, potulukira pa VFD, ndipo katswiri wanu atsitseko carrier frequency, liwiro la kuyatsa ndi kuzimitsa kuja. Mota idzalira mokwererako pang'ono, koma kuthetheka m'bearing kudzachepa.