Mvula siimitsa phwando la ku Buckingham Palace

Ambiri amaganiza kuti mvula ikagwa, phwando la pabwalo la ku Buckingham Palace, nyumba ya mfumu ya ku Britain mumzinda wa London, limalephereka, kapena alendo amalowetsedwa m'nyumba yachifumu. Sizili choncho ayi. Oitanidwa amakhala pafupifupi 8,000, ndiye ndi chipinda chiti chingawakwane? Mwambo umapitirira panja pomwepo.

Mu Meyi 2024 mvula inavumba kwambiri, koma Prince William, mwana wa Mfumu Charles, anayendabe pakapinga, ambulera ili m'manja, akucheza ndi anthu. Ambiri mwa iwo ndi anthu wamba otumikira madera awo, ndipo n'zosangalatsa kuti sabwezedwa chifukwa cha nyengo.

Tiyi ndi makeke zimaperekedwa m'matenti, koma podikira a banja lachifumu mumaima pamtetete. Mukaitanidwa tengani ambulera. Amayi, nsapato zagogoda zosongoka zisiyeni kunyumba, zimatitimira m'matope.