Mvuu yofa yokha si ndiwo yaulere

Dzuwa la Okutobala likaphwetsa madzi a Luangwa, mphekesera ija imabweranso: ati mvuu yopezeka itafa yokha ilibe vuto bola kuiyanika kapena kuiwamba bwino, oyang'anira nyama amangoletsa chifukwa cha kaduka. Bodza limeneli linaphetsa kale anthu.

Mu 2011, ku Chama m'dziko la Zambia, mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax. Anthu anasenda, anagawana, anadya. Oposa 500 anadwala, 5 anamwalira.

Kachilombo kake kamabisala m'nthaka zaka zambirimbiri. Msipu ukatha, mvuu zimadya mpaka kumizu n'kumeza ndi dothi lomwe. Dzuwa, mchere ndi utsi sizikapha kachilomboka. Ndipo ngozi imayamba mphika usanafike pamoto: wosenda ali ndi kabala kuchala, kapena wosenza nthuli paphewa, ndiye woyamba kudwala. Pamatuluka kachotupa koyabwa, kenako chilonda chakuda pakati ngati khala. Nthawi zambiri sichipweteka n'komwe, n'chifukwa chake ena amazengereza.

Mukafulumira kuchipatala, chilonda chotere chimapola ndi mankhwala. Nyama yakufayo musaikhudze, ngakhale agalu asayandikire. Kauzeni amfumu kapena a DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire.